Tawina, Aluza, Atiluzitsa: Chiyankhulo cha Ochemerera Mpira ku Kasungu

Mawu oyamba

Aliyense amene adakulira m'midzi ya alimi a fodya ku Kasungu akudziwa kuti Loweruka ndi Lamulungu masana wailesi siyikhala m'nyumba. Imapachikidwa pamzati wa chigafa pomwe anthu akusankha fodya ndi kumanga mabelo, ndipo dzuwa likangopendeka macheza ena onse amatha chifukwa mpira wayamba. Ine ndidakulira pansi pa wailesi yotere. Mwini wake adali atsibweni anga, mlimi wa fodya wa bale yemwe wakhala akuchemerera timu ya Wanderers kuyambira ine ndisanabadwe.

M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti kukhulupirika ndi kukhumudwa kwa munthu wochemerera timu yosachita bwino kumaonekera m'malamulo a chiyankhulo chenichenicho. Agwirizanitsi, magulu a mayina, misintho ya aneni ndi nthawi za aneni zimatiuza pomwe munthu waima, ngakhale iye mwini asananene. Ndiyamba ndi mbiri yachidule ya matimu omwe anthu a kwathu amakonda. Kenaka ndisanthula ziganizo zomwe ndakhala ndikumva ndi kulemba m'kope, pachigafa, m'mashowo a mpira ndi pabwalo la zamasewero la Kasungu. Pomaliza ndifotokoza chifukwa chomwe nkhaniyi ili yofunika kwa ife ophunzira chiyankhulo.

Fodya ndi mpira

Munthu akhoza kufunsa kuti mlimi wa ku Kasungu adayamba bwanji kukonda timu ya ku Blantyre, mzinda womwe adangopitako kawiri moyo wake wonse. Nditawafunsa funsoli, atsibweni adandiyankha mwachidule. "Mphwanga, timuyo inkatchedwa Limbe Leaf Wanderers. Dzina la Limbe Leaf tinkalimva tikamakamba za okushoni, ndipo tinkalimvanso pawailesi Loweruka. Ndidangoti basi, iyi ndi timu ya ife alimi."

Yankholi lili ndi maziko m'mbiri. Matimu akuluakulu m'Malawi akhala akusintha mayina potsatira kampani yowathandiza. Wanderers idatchedwapo Limbe Leaf, kenaka Telekom, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Timu yomwe imalimbana nayo kwambiri idatchedwapo Bata Bullets, Total Big Bullets ndi Bakili Bullets, isanatenge dzina la Nyasa kuchokera ku kampani yopanga ndudu ya Nyasa Manufacturing. Motero matimu onse awiri adadyapo ndalama zochokera ku mbewu yomwe anthu a ku Chamama, ku Santhe ndi ku Nkhamenya amaikhetsera thukuta.

Chochititsa chidwi kwa wophunzira chiyankhulo n'chakuti mayina a makampaniwa amabwera ndi kupita, koma mayina omwe anthu adapereka okha sasuntha. Bullets ndi Maule. Wanderers ndi Manoma kapena Nyerere. Dzina lakuti Manoma lidachokera ku dzina lachingerezi la timuyi lakuti Nomads, lomwe anthu adalidula n'kuliveka mphatikiri ma- wa gulu la Li-Ma. Kampani imagula malo pamalaya a osewera, koma dzina lomwe anthu amafuula ndi kulirira siligulidwa.

Wanderers idatenga ligi mu 2006 ndipo idadzaitenganso mu 2017. M'zaka zapakatizo chikho cha ligi chidapita ku Escom United, ku Silver Strikers, ku Bullets, ndipo mu 2016 chidapita ku Kamuzu Barracks. Itadutsa 2017, Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023. Ubwana wanga wonse ndidaona munthu akudikira, ndipo ziganizo zambiri zomwe nditchule pano zidachokera m'kudikirako.

Mawu obwereka

Tisanafike pamtima pa nkhani, tione kaye zipangizo zomwe wochemerera mpira amagwiritsa ntchito. Mawu ambiri a mpira ndi obwereka kuchokera ku Chingerezi: timu, ligi, kochi, kona, penate, sapota, goloboyi, kuwina ndi kuluza. Ena amadandaula kuti mawu oterewa akuononga Chichewa. Koma tikawayang'anitsitsa tiona kuti Chichewa ndicho chidawagonjetsa, chifukwa chidawakakamiza kutsatira malamulo ake.

Dzina lakuti timu lidalowa m'gulu la I-Zi, n'chifukwa chake timati timu yathu yawina. Pochulukitsa limalumphira m'gulu la Li-Ma n'kukhala matimu. Chimodzimodzinso sapota amakhala masapota. Mawu achingerezi otanthauza golo adabala dzina lakuti chigoli, lomwe zambiri zake ndi zigoli, ndiponso mneni wakuti kugoletsa, yemwe amakhalira limodzi ndi mneni wina wakuti kuchinya. Aneni akuti wina ndi luza amalandira misintho ngati aneni ena onse: winitsa, winira, luzitsa. Mawu amene akhoza kulandira msintho wotere sali mlendonso pamudzi.

Ife, iwo ndi iyo

Wolankhula Chichewa akafuna kunena zotsatira za masewero ali ndi njira zitatu. Akhoza kunena kuti yaluza, pogwiritsa ntchito mgwirizanitsi wa dzina lakuti timu. Akhoza kunena kuti aluza, kutanthauza osewera. Akhozanso kunena kuti taluza, kudziikamo iye mwini. Zonse zitatu n'zolondola pamalamulo a chiyankhulo, koma sizinena chinthu chimodzi. Yaluza ndi mawu a mtolankhani, munthu woima patali. Aluza ndi mawu a munthu amene wasamba m'manja. Taluza ndi mawu a munthu amene wasenza nawo manyazi.

Mu 1976 katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Robert Cialdini, ndi anzake adafalitsa kafukufuku yemwe adachita pakati pa ophunzira a m'mayunivesite a kwawo. Adapeza kuti timu ya pasukulu ikapambana, ophunzira ambiri ankavala malaya a sukulu yawo ndipo ankakonda mlowam'malo wakuti ife pofotokoza masewerowo, koma ikagonja mlowam'maloyu ankamupewa. Khalidweli timalidziwa bwino m'Malawi. Flames itagonjetsa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, komanso Gabadinho Mhango atachinya chigoli chapatali chija polimbana ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, dziko lonse lidali ife. Masewero a Morocco aja adatha 2-1 mokomera Morocco, ndipo m'zaka zomwe timu ya dziko yalephera kufika kumpikisano wa Africa, anthu omwewo amafunsana kuti, "Kodi anyamata aja aluzanso?"

Atsibweni anga adali osiyana ndi anthu oterewa. M'zaka zonse zija sindidawamvepo akunena kuti aluza. Ankazimitsa wailesi, n'kukhala chete kwakanthawi, kenaka n'kunena kuti, "Taluza." Tsiku lina ndili kusekondale ndidawaseka kuti iwo sadamenye nawo mpirawo. Adandiyang'ana n'kuti, "Nanga fodya akapsa ndi dzuwa, umati wapsa fodya wa dzuwa kapena fodya wathu?" Apa ndi pomwe ndidaphunzira kuti muyeso wa sapota suli pa zomwe amanena timu ikawina, popeza tawina aliyense amatha kunena. Muyeso uli pa mgwirizanitsi yemwe amasankha timu ikaluza.

Atiluzitsa

Komabe sapota wokhulupirika si munthu wofatsa nthawi zonse. Amakwiya, ndipo mkwiyo wake uli ndi kapangidwe kakekake. Taonani ziganizo izi: atiluzitsa, atinyazitsa, atibera, atigulitsa. M'ziganizo zonsezi wochita ntchito ndi a-, ndiko kuti iwo, koma -ti- sadachoke. Wangosamuka kuchoka pamalo a mwininkhani kupita pamalo a pamtherankhani. Wolankhulayo akadali m'kati mwa chiganizo, kungoti tsopano ndi wochitiridwa zoipa.

Kusiyana kwa aluza ndi atiluzitsa n'kwakukulu. Woyambayo watuluka m'nyumba n'kutseka chitseko. Wachiwiriyo ali m'nyumba momwemo ndipo akukalipira abale ake. Msintho womuchititsa, -its-, umafuna kuti papezeke wina wochititsa, ndipo apa ndi pomwe milandu imayambira. Lero watiluzitsa ndi goloboyi, mawa ndi kochi, mkuja ndi akuluakulu a timu. Zikavuta, sapota amathawira kumsintho wochitidwa n'kunena kuti taberedwa. Chiganizo chimenechi chili ndi ubwino wakuti sichitchula wakubayo, ngakhale aliyense amadziwa kuti akunena woyimbira.

Tisaiwalenso kuti m'Chichewa a- ali ndi ntchito ziwiri: kuchulukitsa ndi kulemekeza. Munthu akati akochi atiluzitsa, akulemekeza ndi kudzudzula nthawi imodzi. Koma mkwiyo ukafika pachimake ulemuwo umagwa, ndipo timamva kuti kochiyu achoke, kapenanso ameneyu watikwana. Kuchoka kwa a- waulemu ndi chizindikiro chakuti ubale wafika poipa, monga momwe zimakhalira pamudzi anthu akayamba kutchula mfumu yawo kuti iye.

Katimu ndi chitimu

Magulu a mayina nawonso amanyamula chikondi ndi chipongwe. Mphatikiri ka- amachepetsa, koma kuchepetsako kuli pawiri. Sapota akati katimu kathu kayesetsa, akulankhula ngati kholo lonena za mwana wodwaladwala. Mdani akati katimu kanuko, akunyoza. Chimodzimodzi chi- amakuza: chitimu chimenechi n'choopsa ndi mawu otama, pomwe chitimu chanucho chatikola ndi mawu onyansidwa.

Aloza nawonso ali ndi gawo lawo. Timu yathuyi ili pafupi, m'manja mwa wolankhula. Timu yanuyo yakankhidwira kwa womvera. Timu ija ndi ya m'chikumbumtima, ya masiku omwe zinthu zinkayenda. Akuluakulu akayamba kukamba za timu ija, ya osewera ngati Kinnah Phiri ku Bullets kapena Jack Chamangwana ku Wanderers, dziwani kuti timu ya lero yawakhumudwitsa. Ndidaonanso kuti azakhali anga, omwe sasamala za mpira, ankatha kudziwa zotsatira pongomva mloza. Atsibweni akangoti anyamatawa, ndiye kuti zayenda. Akati anyamata amene aja, azakhali ankangopakula nsima osafunsa zambiri.

Palinso liwu lakuti neba, lomwe masapota a Maule ndi Manoma amaitanirana. Ndi liwu lobwereka lotanthauza woyandikana naye nyumba. Kusankha liwuli m'malo mwa mdani kukuonetsa kuti mkangano wa matimu awiriwa uli ngati chibale chosereulana chomwe timachiona pakati pa Achewa, pomwe anthu amanyozana poyera koma maliro akagwa amathandizana. Kunyozedwa ndi neba ndi gawo la malipiro a kukhulupirika. Yemwe wasintha timu pothawa kunyozedwa amataya ulemu ku mbali zonse ziwiri, chifukwa neba weniweni amafuna womuseka chaka chamawa.

Chaka chamawa

Nthawi ya mneni yomwe sapota wa timu yovutika amaikonda kwambiri ndi yam'tsogolo, ya mphatikiri -dza-. Tidzawina. Tidzagula osewera. Adzationa chaka chamawa. Munthu wa ku Kasungu sachita kuphunzira nthawi imeneyi kumpira, popeza fodya adamuphunzitsa kale. Amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Amawoka mvula ikagwa, amapalira, amathira feteleza wangongole, amathyola, amasoka, amayanika m'chigafa, amasankha ndi kudinda mabelo. Ntchito ya miyezi yambiriyi imakaweruzidwa m'kanthawi kochepa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndi anthu omwe iye sangawalamule. Belo likabwezedwa kapena likagulidwa pamtengo wolira, mawu ake amakhala omwe aja: atibera, taberedwa. Ikafika Ogasiti, munthu yemweyo ali kudimba kukonza nazale.

Sindikunena kuti mpira ndi ulimi n'zofanana kulemera. Timu ikaluza ana sagona ndi njala, pomwe fodya akalephera sukulu fizi imasowa, monga idasowera kwathu chaka china mpaka ine kukhala pakhomo teremu yathunthu. Chomwe ndikunena n'chakuti kalankhulidwe kake n'kamodzi. Munthu amaika mtima wake wonse pachinthu chomwe mapeto ake ali m'manja mwa ena, amakhumudwa, amaloza chala, kenaka amabwerera. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mlimi ndi sapota onse amaudziwa mwambiwu, koma onse amakhalira fodya wapachala.

Timu ya pakhomo

Pali funso limodzi lomwe limandivuta, ndipo ndi lomwe lidandichititsa kulemba chimangirizo chino. Mu 2018 timu ya TN Stars ya ku Kasungu idayamba kusewera mu Super League, ligi yaikulu yomwe idayamba mu 1986. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga matimu omwe tinkangowamva pawailesi ankabwera kudzasewera pabwalo la Kasungu. Timuyi idakhala m'ligi mpaka 2022, pomwe idatuluka pamodzi ndi Sable Farming ndi Rumphi United.

M'zaka zimenezo ndidaona chinthu chachilendo m'kalankhulidwe ka anthu a kwathu. TN Stars ikamasewera ndi timu ya asilikali kapena ya apolisi, tonse tidali ife. Koma Maule kapena Manoma akabwera, bwalo linkafiira kapena kubiriwira ndi malaya a alendo, ndipo ovala malayawo adali anthu a ku Kasungu komweko. Tsiku limenelo ife ankatanthauza timu ya ku Blantyre, ndipo ana a pakhomo ankasanduka iwo. Ine ndemwe ndidachita zimenezi. Ndidakhala pambali pa atsibweni, n'kumakuwiza anyamata omwe ena mwa iwo ndinkakumana nawo pamsika.

Timu yaing'ono m'Malawi imasewera pamalo otsetsereka. Silver Strikers ili ndi Reserve Bank kumbuyo kwake, Blue Eagles ili ndi apolisi, Kamuzu Barracks, Moyale, Mafco ndi Red Lions ali ndi asilikali. Timu ya m'boma lakumudzi kawirikawiri imadalira thumba la anthu ochepa ndi ndalama zapakhomo la bwalo, chonsecho iyenera kuyenda maulendo ataliatali kuchokera ku Karonga mpaka kumwera, kudyetsa osewera ndi kuwalipira. Wosewera akangoonetsa luso, matimu akuluakulu amamutenga. Timu yotere imafuna anthu onena kuti taluza, chifukwa ndi okhawo omwe amabweranso sabata yotsatira n'kudzalipira pakhomo. Koma itatuluka m'ligi, chiganizo chomwe ndidachimva kwambiri m'tauni chidali chakuti atuluka. Ochepa okha ndi omwe adati tatuluka.

Nditawafunsa atsibweni za nkhaniyi sadazembe. "Mphwanga, mtima sungaukwatitse kawiri. Ine Manoma adandipeza kale. Koma inu ana a lero mudalira mvula, ndiye mukadalira ndi matope omwe." Ndidaona kuti akunena zoona. Iwo adali ndi chifukwa cha zaka zambiri. Ife achinyamata tidalibe chifukwa china koma chakuti kunena tawina n'kokoma, ndipo timu yaikulu imapereka mwayi wonena mawuwa kawirikawiri.

Malire a mkwiyo

Wina asaganize kuti ndikuyamikira mkwiyo wamtundu uliwonse. Chiyankhulo cha mpira n'chodzala ndi zining'a zankhondo: kukwapula, kuswa, kuthibula, kupha. Zikakhala pakamwa pokha zimakometsa macheza. Koma tonse tidamvapo za masewero omwe adathera m'kugendana ndi utsi wokhetsa misozi, ndi za osewera omwe adatukwanidwa pamodzi ndi makolo awo chifukwa chophonya penate. Msintho womuchititsa uja ndi woopsa chifukwa umasandutsa tsoka la anthu khumi ndi mmodzi kukhala mlandu wa munthu mmodzi. Wonena kuti watiluzitsa aiwala msanga kuti akunena mnyamata wamsinkhu wathu womwewu, yemwe mwina sadalandire malipiro ake mwezi umenewo. Kudandaula ndi ufulu wa sapota, ndipo timu yopanda odandaula ndiye kuti ilibe oikonda. Koma dandaulo loyenera ndi lomwe limasiya -ti- m'kati mwa chiganizo, osati lomwe limatola mwala.

Mawu omaliza

M'chimangirizo chino taona kuti wochemerera mpira amadziulula kudzera m'tizigawo ting'onoting'ono ta mawu. Mgwirizanitsi ti- amasenza manyazi, a- amawathawa, ndipo -ti- wapakati amakwiya koma osachoka. Aphatikiri ka- ndi chi-, pamodzi ndi aloza, amayandikitsa timu kapena kuikankhira kutali. Mphatikiri -dza- amasunga chiyembekezo. Zonsezi timaziphunzira m'kalasi ngati malamulo ouma oloweza pokonzekera mayeso, chonsecho kunja kuno anthu akuzigwiritsa ntchito pokondana, pokanana ndi poweruzana.

Pempho langa kwa ophunzira anzanga n'lakuti tisamadikire mabuku okha kuti atipatse zitsanzo. Patchuthi chikubwerachi tengani kope, mukakhale m'showo ya mpira kapena pomwe pali wailesi, ndipo mukalembe ziganizo khumi zoyambirira zomwe anthu anganene woyimbira akangoimba wezulo yomaliza. Mukaone kuti ndani wati ta-, ndani wati a-, ndipo ndani wati ya-. Mukadzionenso nokha.

Tsiku lomwe Wanderers idatsimikiza kutenga ligi mu 2017 ndidali pakhomo. Mvula idali itagwa ndipo tidali titangochokera kowoka fodya. Ndinkayembekezera kuti atsibweni adumpha ndi kufuula kuti tawina, monga ankachitira anyamata kumsewu. Iwo adangotsitsa wailesi, n'kupukuta matope m'manja, n'kunena kuti, "Tadikira." Mgwirizanitsi wake adali yemwe uja wa zaka zonse zoluza.